Mutu 14: Makalata a Atsikana Amene Anasintha Nthano za ku Japan

Chakumapeto kwa chaka cha 1973, akonzi a magazini ya Margaret mumzinda wa Tokyo anakumana ndi zimene sanazikonzekere. Makalata ankangobwera mulu pa mulu kuchokera kwa atsikana a sukulu, ndipo ambiri ankapempha chinthu chimodzi, choti Oscar ndi André aukitsidwe. Awiriwa sanali anthu enieni. Anali a m'nthano yojambula imene inkatuluka sabata iliyonse m'magaziniyo, ndipo mwini nthanoyo, Riyoko Ikeda, anali atangowapha pa nkhondo ya m'misewu ya Paris ya mu 1789. Makalatawo atachuluka, akonzi anachita kulemba uthenga m'magazini momwemo wovomereza kuti kulira kwa owerenga kwawafika.

Zinachitikira kutali ndi dambo la Limphasa la kuno ku Nkhata Bay, koma khalidwe lake si lachilendo kwa ife. Wokamba nthano akati "Padangotero", sapitiriza mpaka omvera atayankha kuti "Tili tonse", ndipo Atonga a m'mbali mwa nyanja nawonso ali ndi mayankhidwe awo komanso nyimbo zimene omvera amavomera nthano ili mkati. Agogo akaona kuti adzukulu ayamba kusinza amadula nkhani, akaona kuti maso ali tong'o amaikoka. Ku Japan atsikana anachita zomwezo pogwiritsa ntchito positi, ndipo mayankho awo anaumba zina mwa nthano zotchuka kwambiri za m'zaka za m'ma 1970.

Magazini a atsikana okhaokha

Nthano zojambula za ku Japan zimatchedwa manga, ndipo zolembera atsikana zimatchedwa shojo manga. Zimayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini akuluakulu osindikizidwa pa mapepala otchipa, ambiri opanda mitundu, kenako zimasonkhanitsidwa kukhala mabuku. Magazini ya Nakayoshi ya kampani ya Kodansha inayamba mu 1954 ndipo imatuluka mwezi ndi mwezi. Margaret ya kampani ya Shueisha inayamba mu 1963. M'magazini oterewa munkakhala kakhadi koti wowerenga alembepo nthano zimene zamusangalatsa n'kukaponya ku positi. Akonzi ankawerengetsa makhadiwo. Nthano yokondedwa inkapatsidwa malo abwino ndi masamba ambiri, pamene yosakondedwa inkadulidwa msanga.

Poyamba, nthano zambiri za atsikana zinkajambulidwa ndi amuna. Mmodzi wa iwo anali Osamu Tezuka, amene mu 1953 anatulutsa Ribon no Kishi, nkhani ya mwana wamkazi wa mfumu woleredwa ngati mnyamata. Koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, panabuka gulu la akazi achitsikana, ambiri obadwa cha m'ma 1949, monga Moto Hagio ndi Keiko Takemiya, amene anatenga ntchitoyi m'manja mwawo. Iwo anasintha ngakhale kaonekedwe ka tsamba.

Munthu wozolowera makatuni a m'nyuzipepala zathu akatsegula tsamba lotere amayamba wasokonezeka. Buku limayambira kumene ife timati kumapeto, ndipo diso limayenda kuchoka kumanja kupita kumanzere. Timabokosi ta zithunzi sitilingana. Tina n'titalitali, tina n'topendekeka, ndipo pena mzere wa bokosi umangotha nkhope ya munthu n'kusefukira tsamba lonse. Maso amajambulidwa aakulu, muli timadontho towala, chifukwa ndi mmene wojambula amaonetsera mantha, chikondi kapena mkwiyo wobisika. Kumbuyo kwa munthu kumatha kuphuka maluwa ngakhale ali m'chipinda, ndipo mawu ena amalembedwa pa malo oyera, opanda mzere wowazungulira, kusonyeza kuti akungolankhula mumtima. Nthano za anyamata zinkalimbikira pa nkhonya ndi liwiro. Za atsikana zinkaima n'kumufunsa munthu kuti mumtima mwako muli chiyani.

Oscar, mtsikana woleredwa ngati msilikali

Riyoko Ikeda anabadwa mu 1947 ku Osaka. Ali pa sukulu anawerenga mbiri ya Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France, yolembedwa ndi Stefan Zweig, ndipo anatsimikiza mtima kuti tsiku lina adzaijambula. Akonzi sanagwirizane nazo. Iwo ankaganiza kuti atsikana sangakonde mbiri yakale ndi ndale, ndipo anangolola pa pangano loti owerenga akapanda kuikonda, nthanoyo idulidwa. Inayamba kutuluka mu Meyi 1972, Ikeda ali ndi zaka 24, ndi mutu wakuti Berusaiyu no Bara, Duwa la ku Versailles. Mayiko ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Lady Oscar.

Nkhani yake ili motere. Mkulu wa asilikali, General de Jarjayes, wabereka ana aakazi okhaokha. Wachisanu ndi chimodzi atabadwanso wamkazi, bamboyo akumutcha dzina lachimuna lakuti Oscar n'kumulera ngati mnyamata, kumuphunzitsa lupanga ndi kukwera kavalo. Oscar akukula n'kukhala mlonda wa Marie Antoinette, amene anachoka kwawo ku Austria mu 1770 ali ndi zaka 14 kukakwatiwa ku France. Ku nyumba yachifumu ya Versailles kuli madyerero ndi miseche, pamene ku Paris anthu akugona ndi njala. Oscar akuona zonsezi, chikumbumtima chikumudya, mpaka akusiya udindo wake wapamwamba n'kukatsogolera asilikali wamba. Anthu ataukira mfumu, iye akusankha mbali ya anthu. André Grandier, mdzukulu wa mayi amene analera Oscar, mnzake wa paubwana wopanda dzina kapena chuma, akuphedwa pa 13 Julayi 1789, ndipo Oscar akumutsatira m'mawa mwake pa nkhondo yolanda ndende ya Bastille.

Chofunika kudziwa n'chakuti Ikeda sanakonze kuti Oscar akhale mwini nkhani. Iye ankafuna kulemba za mfumukazi, ndipo anaikamo mtsikana wosauka, wofatsa, wolira msanga, dzina lake Rosalie, poganiza kuti owerenga adziona mwa iyeyo. Makalata ananena zina. Atsikana sanafune kudziona mwa wolira. Anafuna Oscar, mkazi wolamula amuna, wotsutsa bambo ake pamene alakwa, wosankha yekha njira yake. Ikeda anamva, ndipo malo a Rosalie anachepa pamene a Oscar anakula. Owerenga anafunanso kuti Oscar apeze womukonda woyenerana naye, ndipo André, amene poyamba ankangoyenda pambuyo pa bwana wake, anakwezedwa kukhala mwamuna amene amakonda Oscar popanda kumuuza kuti avule yunifolomu.

Kuti timvetse chifukwa chake atsikana anamugwiritsitsa chonchi, tiyenera kukumbukira mmene Japan inalili nthawi imeneyo. Mkazi wolembedwa ntchito pa kampani ankayembekezeka kusiya akakwatiwa. Ikeda mwiniwake wakhala akufotokoza kuti akazi ojambula ankalipidwa theka la zimene amuna ankalandira. Mtsikana wa zaka 14 wowerenga Margaret ankadziwa kale malire amene amuikira. Oscar anali umboni wa pa pepala woti malirewo anaikidwa ndi anthu ndipo akhoza kudumphidwa.

Oscar atafa, Ikeda sanamvere pempho loti amuukitse. Apa anaima nji, ndipo anachita bwino, chifukwa imfa imeneyo ndi imene inapatsa nthanoyo kulemera kwake. Koma owerenga anayankhabe m'njira ina: chidwi chawo chinatsika. Ikeda ankafuna kupitiriza ndi zaka zotsatira za kuukirako, koma akonzi anamuuza kuti amalize. Anafotokoza mwachidule za kuphedwa kwa Marie Antoinette mu 1793, ndipo nthano inatha mu Disembala 1973. Inasonkhanitsidwa m'mabuku 10. Patapita zaka zambiri, mu 2009, boma la France linamupatsa Ikeda ulemu wa Légion d'honneur chifukwa chophunzitsa anthu a ku Japan mbiri ya dzikolo kudzera mu ntchito imene akonzi ankati atsikana sangaimvetse.

Nthano ikachoka pa pepala

Wowerenga amene wakhala ndi nthano kwa miyezi yambiri amaitenga ngati yake, ndipo aliyense woikhudza amakhala ndi mlandu woyankha. Oyamba kulawa zimenezi anali a Takarazuka Revue, gulu la zisudzo la akazi okhaokha limene linayamba kuonetsa masewero mu 1914, momwe akazi amasewera ndi mbali za amuna zomwe. Atalengeza mu 1974 kuti aika Oscar pa siteji, okonda bukulo ambiri anakwiya, ponena kuti palibe munthu wa thupi ndi magazi amene angafanane ndi Oscar wawo. Makalata aukali analembedwa. Koma seweroli litayamba, holo inadzaza, ndipo gululi, limene linali litayamba kusowa oonera chifukwa cha kufala kwa wailesi yakanema, linapezanso moyo. Lakhala likubwereza seweroli kwa zaka zambiri, ndipo pofika 2014 anthu oposa 5 miliyoni anali ataliona.

Katuni ya pa TV inabwera mu Okutobala 1979 ndipo inatha mu Seputembala 1980, ndi zigawo 40, yopangidwa ndi Tokyo Movie Shinsha. Anaiyamba ndi Tadao Nagahama, koma mbali yaikulu yomaliza anaitsogolera ndi Osamu Dezaki. Dezaki anachepetsa nthabwala ndi maluwa a m'buku, n'kuika mdima, mvula, mithunzi ya njala ya ku Paris, ndi zithunzi zoima zokhala ngati zopentedwa pa nthawi imene mtima wa munthu wasweka. Ku Japan siinaonedwe kwambiri ulendo woyamba, ndipo ena mwa owerenga akale anadandaula kuti Oscar wa pa TV ndi wozizira, wosalankhula, wosiyana ndi wamoto uja wa m'buku. Koma itafika ku Italy mu 1982, kenako ku France, ku Latin America ndi ku mayiko a Aluya, inagwira mitima ya ana amene bukulo sanalionepo. Kwa iwo, Oscar weniweni ndi wa Dezaki.

Mkangano umenewu unabukanso mu 2025. Kampani ya MAPPA inatulutsa filimu yatsopano ya katuni pa 31 Januwale, motsogozedwa ndi Ai Yoshimura, ndipo inafika pa Netflix kumapeto kwa Epulo. Mabuku 10 anafinyidwa kuti akwane m'maola osakwana awiri. Nkhani zambiri za miseche ya ku Versailles zinachotsedwa, ndipo zaka zina zinangodutsa m'nyimbo. Amene anakulira pa katuni ya 1979 ambiri anati filimuyi yathamanga ndipo ilibe kulemera. Ena mwa amene anakulira pa bukulo anasangalala kuti kuwala, maluwa ndi mawu a Oscar wa Ikeda abwerera. Achinyamata oiona koyamba anayamba kufunafuna mabukuwo, amene m'Chingerezi anayamba kupezeka mosavuta mu 2020. Magulu onsewa amateteza Oscar amene anakumana naye ali aang'ono, ndipo palibe gulu limene likunama.

Candy, mwana wamasiye wa kunyanja

Nthano yachiwiri ndi imene munthu wa kuno angaimve msanga m'mafupa. Candy Candy inalembedwa ndi Kyoko Mizuki, zithunzi n'kujambulidwa ndi Yumiko Igarashi, ndipo inatuluka mu Nakayoshi kuyambira 1975 mpaka 1979. Mu 1977 inapata mphoto ya Kodansha ya nthano za atsikana, chaka choyamba cha mphotoyo. Toei Animation inaipanga katuni ya zigawo 115 kuyambira 1976 mpaka 1979.

Candy ndi khanda lotoledwa pakhomo la nyumba ya ana amasiye pafupi ndi nyanja ya Michigan ku America. Atasinkhuka, banja lolemera la Leagan likumutenga ponena kuti azikacheza ndi mwana wawo Eliza, koma atafika akumusandutsa wantchito, kumugoneka ku khola la akavalo ndi kumunamizira kuba. Palibe Mmalawi amene sadziwa nkhani ya mtsikana wotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu n'kukathera pa mtondo ndi pa matewera a ana a eni nyumba. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe chifukwa ankadziwa kuti ambiri satero. Candy sakhala wongolira. Amakwera mitengo, amayankha akamunyoza, ndipo atakula akusankha yekha ntchito ya unamwino ku Chicago.

Malo awiri m'nthanoyi anagwedeza oonera. Oyamba ndi imfa ya Anthony, mnyamata wokoma mtima amene Candy anayamba kumukonda, yemwe akugwa pa kavalo pa uzimba n'kufera pomwepo. Katuniyi inayamba kuonetsedwa ku France mu 1978 pa Antenne 2, m'pulogalamu ya ana ya Récré A2, ndipo imfa imeneyi inadzetsa madandaulo moti omasulira m'Chifalansa anasintha mawu kuti zimveke ngati Anthony wangovulala. Achiwiri ndi kusiyana kwa Candy ndi Terry, wa zisudzo amene anadziwana naye pa ulendo wa ku London. Mtsikana wina, Susanna, akuduka mwendo populumutsa Terry pa ngozi ya pa siteji, ndipo Candy akusankha kuchoka kuti Terry asamalire wovulalayo. Ku Italy, kumene katuniyi inafika mu 1980, oonetsa anaona kuti anthu savomereza mathero otere, choncho anadula ndi kulumikiza zithunzi zakale kuti awiriwo akumanenso pa siteshoni ya sitima. Ana a ku Italy anakula ndi mathero amene alembi ake sanalembe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lero Candy Candy ndi yovuta kuipeza mwalamulo. Mizuki ndi Igarashi anakangana pa za umwini, mlandu unafika ku khoti lalikulu la Japan, ndipo mu 2001 khotilo linagamula kuti zithunzi sizingagwiritsidwe ntchito popanda chilolezo cha wolemba nkhani. Kuyambira nthawi ya mkanganowo mabuku sanasindikizidwenso ku Japan. Amene asunga nthanoyi ndi moyo ndi oikonda, amene tsopano ndi amayi ndi agogo. Mu 2010 Mizuki, pogwiritsa ntchito dzina lakuti Keiko Nagita, anatulutsa buku lopanda zithunzi losimba za Candy atakula, koma sanatchule dzina la mwamuna amene akukhala naye. Mpaka lero pa intaneti pali magulu awiri, lina la Terry, lina la Albert, mnzake wa Candy amene ankamuthandiza mobisa kuyambira ali mwana, ndipo amafukula chiganizo chilichonse cha bukulo pofuna umboni.

Zimene atsikana a kuno anali nazo

Pamene ana a ku Rome ndi Paris ankalira ndi Candy, Malawi analibe wailesi yakanema. Television Malawi inayamba mu Epulo 1999, ndipo ngakhale pamenepo magetsi anali asanafike m'midzi yambiri ya m'boma la Nkhata Bay. Katuni ya ku Japan imene inafika pafupi nafe m'zaka zimenezo ndi Heidi ya mu 1974, yotsogozedwa ndi Isao Takahata, imene inamasuliridwa m'Chiafrikaans n'kukondedwa kwambiri ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno akhala akupitako kukagwira ntchito. Japan imene tinaidziwa ife inali ya magalimoto a kaunjika, ya aphunzitsi ndi anamwino odzipereka amene anayamba kubwera mu 1971, ndi ya sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley. Nthano zake za atsikana zinatidutsa.

Koma njala ya nkhani zotsatizana tinali nayo, ndipo inkakhutitsidwa ndi wailesi ya MBC. Mabanja ankazungulira wailesi kumvera Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale, kenako Zimachitika ya Story Workshop imene inayamba mu 1997, ndi Tikuferanji. Pa pepala panali Chatsalira m'magazini ya Moni, ndi Pewani wa Brian Hara. Chizolowezi cholemba makalata nachonso n'chakale kuno. Mishoni ya Livingstonia itakhazikika ku Bandawe mu 1881, Atonga anakhala m'gulu la oyamba kudziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo kwa zaka zambiri makalata ndi amene ankalumikiza midzi ya Chintheche ndi Kande ndi abale a ku Joni ndi ku Harare.

Nthano yojambula yolembera atsikana a kuno inabwera mu 1996, pamene UNICEF inakhazikitsa Sara m'mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Malawi anali m'gulu la mayiko amene anafunsidwa maganizo Sara asanatuluke. Anali mtsikana wa kumudzi, ndi anzake Amina ndi Juma komanso kanyani kake Zingo, ndipo nkhani zake zinatuluka m'timabuku, m'makatuni ndi pa wailesi. M'nkhani yoyamba, The Special Gift, Sara akuuzidwa kuti asiye sukulu chifukwa ndalama palibe, ndipo akupeza njira yobwererako popanga mbaula yosatha nkhuni zambiri. Mu The Trap akuzemba wamalonda wachikulire womunyengerera ndi mphatso. Mu 2017 kunabweranso Zathu, sewero la pa wailesi ndi gulu loimba la anyamata ndi atsikana, lothandizidwa ndi Girl Effect.

Ntchito zimenezi zinathandiza, ndipo amene anazigwira ayenera kuyamikidwa. Komabe pali kusiyana kwakukulu ndi zimene zinachitika ku Japan. Sara anabadwira m'maofesi a bungwe ndi uthenga wokonzeratu, ndipo ankayankha kwa opereka ndalama. Oscar ndi Candy ankayankha kwa atsikana amene ankagula magazini ndi ndalama zawo. Sara sakanaloledwa kukonda munthu wolakwika, kulephera, kapena kufa. Pulojekiti ikatha, timabuku timatha nayo. Mtsikana wa kuno wakhala akulandira nkhani zomuphunzitsa kupewa mimba, matenda ndi ukwati wa ana, zomwe n'zofunika, koma kawirikawiri sanafunsidwe kuti nkhani imene mtima wake ukufuna ndi yotani.

Limphasa lero

Amene wayenda pa msewu wa M5 kudutsa pa Mpamba kapena pa Chintheche madzulo amadziwa phokoso la vidiyo sho. Ndi kachipinda kamdima ka mabenchi, chinsalu pakhomo, sipikala panja, ndipo mkati muli filimu ya ku China, India kapena America imene DJ waimasulira m'Chichewa, akuwonjezera zake, akutchula anthu a m'filimu mayina a kwathu. Oonera sakhala chete. Amachenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, amatukwana wachinyengo, amaombera m'manja wobwezera. Mwini vidiyo amadziwa filimu yoti abwereze mawa pongomva phokosolo. Koma mukayang'ana pa mabenchipo, ambiri ndi anyamata. Nthawi imeneyo mtsikana amakhala akuchokera ku sikimu kumene amapirikitsa mbalame mu mpunga, akutunga madzi, kapena akusinja chinangwa cha kondowole, ndipo makolo ambiri salola mwana wamkazi kulowa m'chipinda chamdima chodzaza amuna. Ali ndi zifukwa zomveka. Zotsatira zake n'zakuti mafilimu osankhidwa ndi a nkhonya ndi mfuti, chifukwa ndi amene olipira pakhomo akufuna.

Foni ndi imene yayamba kutsegula khomo lina. Mafilimu amaikidwa pa memori khadi pa mtengo wochepa, ndipo atsikana atatu kapena anayi amatha kuunjikana pa khonde kuonera kafoni kamodzi kotchajidwa ndi sola. M'nyumba za dishi, masewero a ku India ndi ku Philippines amatsatiridwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa ku mjigo nkhani imakhala ya apongozi ankhanza a dzulo ndi mkamwini amene wapirira mopitirira. Akazi amenewa amakangana za anthu a m'sewero ndi mtima womwe uja wa atsikana a ku Tokyo mu 1973. Chosowa n'chakuti mawu awo safika kwa wolemba, chifukwa wolembayo ali ku Mumbai kapena ku Manila ndipo sadziwa kuti Limphasa iliko.

Kuti zinthu zikhoza kusintha, umboni uli pafupi. Ku Lusaka, Malenga Mulendema anakula akuonera makatuni opanda munthu wofanana naye, ndipo anaganiza zolemba yake. Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a sukulu amene akuteteza mzinda wa Lusaka, inapangidwa mothandizana ndi Triggerfish ya ku Cape Town, inalembedwa ndi gulu la akazi a mu Africa, ndipo inatuluka pa Netflix mu Julayi 2023. Katuni yotere imadya ndalama zambiri, koma tisaiwale kuti Oscar ndi Candy sanayambire pa kanema. Anayambira pa pepala lotchipa, inki yakuda, ndi kakhadi kofunsa wowerenga maganizo ake.

Zimenezo tingazikwanitse. Pafupifupi m'kalasi iliyonse muli mtsikana amene amajambula kumapeto kwa kope lake, ndipo nthawi zambiri amakalipiridwa kuti akuwononga mapepala. Mphunzitsi wa ku Bandawe, ku Mpamba kapena ku Usisya akhoza kumupatsa bolodi la sukulu kuti azimatapo tsamba limodzi sabata iliyonse, m'Chitonga kapena m'Chichewa, pambali pake n'kuika katoni yoti anzake aziponyamo timakalata. Wailesi za m'madera zikhoza kupereka mphindi 15 kwa sewero lolembedwa ndi atsikana, omvera n'kumayankha pa foni. Nyuzipepala zathu, zimene makatuni ake ambiri ndi a ndale ndi a madoda a kumowa, zikhoza kupatula malo a nthano yotsatizana ya mtsikana wa kunyanja. Ndipo akuluakulu tidziletse kuikamo phunziro pa tsamba lililonse. Akonzi a Margaret ankakhulupirira kuti akudziwa zimene atsikana angathe kumva, ndipo atsikanawo anawasonyeza kuti angathe kutsata ndale za dziko lachilendo, kusankha ngwazi yawo, ndi kulira imfa yake popanda kuwonongeka. Atsikana a ku Limphasa sachepa nzeru kwa amenewo. Apatsidwe mapepala, malo oonetsera ntchito yawo, ndi anthu ofunitsitsa kumva zimene iwo ayankhe.